Nthano za chikondi m'dziko lankhanza zautsa mtsutso m'makomo ku Mzimba

Kale nthano zinkabwera ndi agogo madzulo pamoto, ndipo kholo lililonse linkadziwa zomwe mwana wake wamva. Lero nthano zikulowa m'nyumba kudzera pa foni, m'Chingerezi, usiku ena onse atagona. Zina mwa izo ndi za achinyamata okondana m'maiko olamulidwa mwankhanza. Kodi kholo lilande foni kapena limvetsere kaye?

Nkhani yonse idayamba ndi kuwala kwa foni m'bulangete.

Mlamu wanga, yemwe amagulitsa kaunjika mumsika wa pa boma la Mzimba, adadzidzimuka pakati pa usiku ndi kupeza mwana wake wamkazi wa Fomu 3 ali maso, misozi ili chuchuchu. Poyamba adaganiza kuti kwabwera uthenga wa zovuta kuchokera ku Joni, komwe bambo a mwanayo akugwira ntchito. Kenako maganizo adapita kwa mnyamata. Koma mtsikanayo adati akulirira kamwana kena ka m'buku, dzina lake Rue, komwe kadali katangophedwa kumene.

Kutacha foni idalandidwa, ndipo ine ndidaitanidwa. Pakati pa Angoni ndi Atumbuka, nkhani ya mwana wamkazi siitha popanda ankhazi, mlongo wa bambo ake.

"Alamu, bwerani mudzaone nokha zomwe mwana wanu akuwerenga," adatero mayiwo pa foni, osawonjezerapo kanthu.

Buku lake lidali The Hunger Games. Nditafika ndidapeza kuti mtsikanayo sadali yekha. Anzake angapo a kusukulu ankapatsirana bukulo ndi ena ofanana nalo, ndipo m'makomo mwawo namonso mudali mkangano womwewo. Oliwerenga si ambiri, pakuti pamafunika foni yabwino ndi Chingerezi chokwanira. Komabe oonera mafilimu ake ndi ochulukirapo, ndipo mafunso omwe nthanozi zikuutsa akukhudza banja lililonse lomwe lili ndi mwana wosinkhuka.

Nthano zake ndi zotani?

The Hunger Games adalemba ndi mayi wa ku America, Suzanne Collins, ndipo lidatuluka mu 2008. Likukamba za dziko la m'tsogolo lotchedwa Panem, lomwe lili ndi likulu lolemera ndi zigawo 12 zosauka. Chigawo chilichonse chili ndi ntchito yake yodyetsera likululo: china chimakumba malasha, china chimalima, china chimasodza nsomba.

Pofuna kukumbutsa zigawozo kuti zidagonja pomwe zidayesa kuukira, chaka ndi chaka olamula amachita maere ndi kutenga mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi wa zaka za pakati pa 12 ndi 18 m'chigawo chilichonse. Ana 24 amenewa amawatsekera m'bwalo kuti aphane mpaka atsale mmodzi, dziko lonse likuonerera pa TV.

Mtsikana wa zaka 16, Katniss Everdeen, akudzipereka m'malo mwa mng'ono wake Prim, yemwe maere amugwera ali ndi zaka 12 zokha. Mnyamata yemwe akupita naye limodzi ndi Peeta, mwana wa wophika buledi, amene tsiku lina adamuponyera buledi banja la Katniss litatsala pang'ono kufa ndi njala. Kumudzi akusiya Gale, mnzake wosaka naye nyama m'tchire. Pamenepo ndi pomwe pagona nkhani ya chikondi.

Collins adafotokozapo kuti ganizo la bukuli lidamufikira usiku wina akusinthasintha masiteshoni a TV. Pa siteshoni ina padali mpikisano wa achinyamata, pa ina padali nkhondo ya ku Iraq, ndipo m'maso mwake ziwirizo zidasakanikirana. Bambo ake adali msilikali yemwe adapita ku nkhondo ya ku Vietnam iye ali mwana.

Mabuku otsatira adatuluka mu 2009, 2010, 2020 ndi 2025, ndipo onse pamodzi asindikizidwa oposa 100 miliyoni m'zilankhulo zoposa 50. Filimu yoyamba idatuluka mu 2012.

Azungu amatcha nthano zoterezi dystopia, kutanthauza dziko la mawa lomwe zinthu zidasokonekera, koma olamula akuumirira kuti zonse zili bwino. Bukuli litagulidwa kwambiri, olemba ena adalowanso m'bwalo. Mu Matched, la Ally Condie la mu 2010, boma ndilo limasankhira mtsikana wa zaka 17 mwamuna womukwatira. Mu Delirium, la Lauren Oliver la mu 2011, chikondi amachiyesa matenda ndipo aliyense akakwanitsa zaka 18 amamuchita opaleshoni kuti asakondenso. Mu Divergent, la Veronica Roth la chaka chomwecho, mwana wa zaka 16 amasankha gulu limodzi mwa magulu 5 ndipo akasankha losiyana ndi la makolo ake, ubale wathera pomwepo. Mu The Selection, la Kiera Cass la mu 2012, atsikana 35 amapikisana kuti mmodzi akwatiwe ndi mwana wa mfumu.

Msana wa nthano zonsezi ndi umodzi: akuluakulu akonza kale moyo wa mwana, ndipo mwanayo akuzindikira kuti zinthu sizili bwino pomwe mtima wake wakonda munthu yemwe malamulo sakulola.

Chomwe achinyamata akuonamo

Nditakhala pakhonde ndi mwana wa achimwene angayo ndi anzake atatu, ndinkayembekeza kumva za kupsompsonana. Zidatulukadi, koma sizidayambirire.

Choyamba chomwe adatchula ndi tsiku la maere. Iwo adati limawakumbutsa tsiku lomwe zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zidatuluka. Kalasi imodzi idagawika patatu: ochepa adasankhidwira kusukulu zogonera konko, ena ku CDSS, ndipo otsala sadasankhidwe n'komwe. Ena mwa otsalawo lero ali pabanja. Mwana wa zaka 13 kapena 14 amaona tsogolo lake likulembedwa pa pepala lomwe lamatidwa pakhoma, iye alibe chonena.

Mawu oti kusankhidwa ali ndi mbiri yaitali m'chigawo cha kumpoto. Ndondomeko ya kota, yosankhira ophunzira ku yunivesite potengera boma lomwe akuchokera, idayamba m'zaka za m'ma 1980, khoti lidaigamula kuti njosayenera mu 1993, idabwereranso mu 2009 ndipo boma lidaithetsa mu 2020. Ana a Fomu 3 a lero sadakumane nayo, koma adakula akumva azakhali ndi amalume awo akuidandaula. Choncho nthano ya dziko lomwe chigawo chobadwira chimalamula tsogolo la munthu siikhala yachilendo m'makutu mwawo.

Chachiwiri ndi njala. Ku Panem, mwana wa m'banja losauka atha kulembetsa dzina lake kangapo m'maere aja kuti alandire kachakudya ndi mafuta. Mwana wa wolemera safunika kutero. Mmodzi mwa atsikanawo adati apa ndi pomwe bukulo lidamugwira mtima, chifukwa wosauka ndiye amaika moyo wake pachiswe kuti pakhomo padyedwe.

Sadafunike kulongosola zambiri. Mzimba, boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, lomwe kalembera wa mu 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 900,000, lakhala likutumiza achinyamata ake kummwera kwa zaka zoposa 100. Agogo adapita kumigodi kudzera ku Wenela. Ulendowo udaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70. Kenako kudabwera Teba, yomwe idasiya kulemba Amalawi mu 1988. Lero anyamata ndi atsikana amapita okha pa basi kapena ndi amatransipota, ena opanda zikalata zokwanira. Ena amabwera ndi galimoto ndi malata, ena amabwezedwa kudzera ku Lindela, ena amabwera m'bokosi. Zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008, 2015 ndi 2019 zidagwedeza mabanja ambiri a ku Edingeni, Embangweni ndi Jenda.

Chachitatu ndiye chikondi, ndipo apa atsikanawo adagawikana. Mwana wa achimwene anga ali mbali ya Peeta. Iye akuti mnyamata wofatsa, wosakonda ndewu, yemwe amapereka chakudya osayembekeza kulipidwa ndiye mwamuna weniweni. Mnzake wina ali mbali ya Gale, ndipo chifukwa chake chidandidabwitsa. Iye adati Katniss atachoka, Gale ndiye adatsala akudyetsa mayi ake ndi mng'ono wake. M'dera lomwe nyumba zambiri zili ndi munthu ku Joni, aliyense akudziwa mtengo wa munthu wosamala banja la mnzake mwini wake atachoka.

Anyamata awiri omwe ndidacheza nawo pa malo ena otchajira mafoni adati iwo adaonera mafilimu okha, ndipo chomwe chidawasangalatsa ndi mauta, mivi ndi kugwa kwa wolamula wankhanza. Za chikondizo adati n'zotaya nthawi. Koma nditafunsa kuti Katniss adayenera kusankha ndani, onse awiri adali nalo yankho, ndipo adatsutsana mpaka mawu kukwera.

Nkhani yosankhiridwa mwamuna nayo si ya m'buku chabe. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 20 ndi 24 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la mu 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti ngakhale makolo asamavomereze ukwati wa mwana wosafika pamenepo. Mtsikana yemwe adaona mnzake wa m'kalasi akutengedwa ndi mwamuna wobwera ku Joni pa Khirisimasi sawerenga Matched ngati nthabwala.

Madandaulo a makolo

Komatu makolo nawo ali ndi mfundo, ndipo si zopepuka.

Mlamu wanga adatchula zinthu zinayi. Choyamba ndi nkhanza: ana kuphana ngati nkhuku, wina n'kumati ndi zosangalatsa. Chachiwiri ndi zachikondi, pa msinkhu womwe mimba imodzi itha kuthetsa sukulu yomwe bambo ake akuivutikira kunja. Chachitatu ndi mwano. M'nthano zonsezi akuluakulu ndi onama kapena amantha, ndipo wanzeru ndi mwana. Kodi mwana wodya zoterezi tsiku ndi tsiku adzamveranso mayi ake? Chachinayi ndi nthawi ndi ndalama: tulo tikutha, mabuku a sukulu akugona, ndipo ndalama ya sopo ikuthera kugula bandulo.

Bambo wina wachikulire, yemwe ndi mkulu wa mpingo ku dera la Embangweni, adandiuza kuti iye sakondwa ndi nthano zomwe mulibe Mulungu ngakhale pang'ono, momwe chipulumutso chimachokera ku uta wa mtsikana. M'dera lomwe mpingo udazika mizu kuyambira pomwe Donald Fraser adakhazikitsa mishoni ya Loudon mu 1902, ndipo anthu ambiri adaphunzira kuwerenga kudzera m'Baibulo ndi m'buku la nyimbo, dandaulo lotere silingakankhidwire kumbali.

Mphunzitsi wina wa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale adaima pakati. Iye adati ana omwe amawerenga nthano zazitali amadziwika msanga akalemba chimangirizo: mawu amakhala nawo ambiri ndipo saopa ndime yaitali. Popeza palibe amene amalandira satifiketi ya MSCE atalephera Chingerezi, phindu limenelo si laling'ono. Nkhawa yake ndi yoti ana ena amanyoza mabuku a pa silabasi, komanso kuti pa intaneti nthano za achinyamata zimasakanikirana ndi za akuluakulu zolaula, ndipo mwana amadumphira kumeneko kholo osadziwa.

Pali vuto linanso lomwe ambiri salitchula. Mabukuwa nthawi zambiri amafika ngati mafayilo ongotumizirana pa WhatsApp kapena kukopera pa memori khadi. Kukopera ntchito ya wolemba popanda chilolezo ndi kuphwanya lamulo la umwini wa zaluso, lomwe bungwe la Cosoma limayang'anira. Mwana wozolowera kuti buku ndi laulere adzavutika kugula la wolemba wa konkuno.

Si ku Mzimba kokha

Mkangano wa m'nyumba ya mlamu wangayo udachitikanso kwawo kwa mabukuwa. Bungwe la oyang'anira nyumba zowerengeramo mabuku ku America, la American Library Association, limatulutsa chaka chilichonse mndandanda wa mabuku 10 omwe anthu awadandaula kwambiri. The Hunger Games lidalowa pa mndandandawo mu 2010, 2011 ndi 2013. Zina mwa zifukwa zake zidali zomwezi: nkhanza ndi kusayenera kwa ana.

Mu June 2011, wolemba wina, Meghan Cox Gurdon, adalemba m'nyuzipepala ya The Wall Street Journal kuti mabuku a achinyamata ada kwambiri ndipo atha kuzoloweretsa ana zoipa. Owerenga zikwizikwi adamuyankha pa Twitter kuti mabuku omwewo ndiwo adawathandiza kupirira nthawi yomwe ankazunzidwa kapena kusowa wowamvera.

Owerenga okhaokha nawo amakangana. Monga atsikana a pa khonde paja, adagawikana pakati pa Peeta ndi Gale, pomwe ena ankati kukangana za anyamata n'kuphonya phunziro la bukulo, lomwe ndi nkhondo ndi umphawi. Mu 2013, buku lomaliza la Divergent litatuluka, ambiri adakwiya zedi chifukwa Veronica Roth adapha mtsikana yemwe adali mwini nkhani m'malo momupatsa ukwati. Filimu yachitatu ya nthanoyo sidayende malonda mu 2016, ndipo yomaliza sidapangidwe n'komwe.

Padali zina zochititsa manyazi. Mu 2012, oonera ena adadandaula pa intaneti kuti Rue, kamwana kaja kadaliza mwana wa achimwene anga, adamusewera ndi mtsikana wakuda, Amandla Stenberg. Chonsecho bukulo lidanena poyera kuti Rue ndi wa khungu lakuda. Adawerenga ndi maso, koma mtima udakana kuona.

Ndipo nthanoyi idatuluka m'buku n'kulowa mumsewu. Ku Panem anthu oponderezedwa amakweza zala zitatu posonyeza kukana. Asilikali atalanda boma ku Thailand mu 2014, achinyamata adayamba kukweza zala zitatu zomwezo ndipo ena adamangidwa. Zidachitikanso ku Myanmar mu 2021. Akuluakulu a kuno sangadabwe. Akukumbukira 1993, pomwe chala chimodzi kapena zala ziwiri zinkaulula mbali yomwe munthu ali pa referendamu ya pa 14 June.

Kuletsa tidayesapo kale

Amene akuganiza kuti mankhwala ake ndi kuletsa akumbukire komwe tachokera. Lamulo lounika mabuku ndi mafilimu la mu 1968 lidapatsa bungwe la boma mphamvu zoletsa chilichonse chomwe silidakonde. Mabuku ambirimbiri adaletsedwa, kuphatikizapo Animal Farm la George Orwell, nthano ya nyama zomwe zidathamangitsa mwini famu kenako nkhumba n'kuyamba kulamula mwankhanza kuposa iye. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo, ndipo mwini wake adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu.

Kunena zoona, makolo ndi agogo a ana a lerowa adakhalamo m'dziko lofanana ndi la m'mabukuwa. Adaona munthu akubwezedwa pa chipata cha msika chifukwa alibe khadi la chipani. Adaona aphunzitsi ochokera kumpoto akulamulidwa mu 1989 kuti abwerere kwawo. Adaphunzira kuyang'ana kumbuyo asanalankhule. Mwana akafunsa ngati boma lingalamuledi moyo wa munthu chotere, yankho lili m'nyumba momwemo, kungoti palibe adamufotokozera.

Za chikondi nazo si zatsopano. Amayi ndi abambo omwe adali ku sekondale m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 ankabisa pansi pa desiki mabuku a Mills & Boon, a James Hadley Chase ndi a Pacesetters, omwe kampani ya Macmillan idayamba kusindikiza mu 1977. Ambiri mwa iwo lero ndi aphunzitsi, anamwino ndi akulu a mpingo.

Ngakhale nthano za agogo, zomwe Atumbuka amati vidokoni, sizidali zofewa. Mudali chilombo chomeza mudzi wonse, mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi womupeza, ndi mfumu yolamula kuti wofuna mwana wake achite zosatheka, olephera aphedwe. Kusiyana kwake n'koti agogo adali pomwepo. Ankaona nkhope ya mwana, akachita mantha n'kufewetsa mawu, ndipo pomaliza ankamasulira phunziro. Foni siichita zimenezo.

Nanga zathu zili kuti?

Funso lina lomwe atsikana aja adandifunsa ndi loti n'chifukwa chiyani dziko la mawa nthawi zonse limakhala America.

Yankho n'loti si nthawi zonse. Mmalawi mnzathu, Shadreck Chikoti, adalemba Azotus the Kingdom, lomwe lidapambana mphotho ya Peer Gynt mu 2013 ndi kusindikizidwa mu 2015. Nthanoyi ikuchitika mu Africa zaka mazana angapo m'tsogolo, m'dziko lomwe anthu amapatsidwa zonse zofunika koma saloledwa kutuluka kapena kufunsa. Mwamuna wina, Kamoto, akuyamba kukayika za moyo umenewo atadziwana ndi mtsikana wotchedwa Tina. Chikoti adathandizanso kutulutsa Imagine Africa 500, buku la nthano zazifupi za m'tsogolo lomwe adakonza ndi Billy Kahora wa ku Kenya, momwe muli olemba a kuno monga Muthi Nhlema.

Palibe ndi mmodzi yemwe mwa atsikana anayi aja adali atamvapo za mabukuwa. Buku la ku New York lidawafikira pa foni mwaulere, pomwe la ku Lilongwe silidafike. Apa ndi pomwe pali ntchito ya masukulu, nyumba zowerengeramo mabuku ndi osindikiza.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Nthano zonsezi zili m'Chingerezi. Chitumbuka, chomwe ana ambiri a ku Mzimba amalankhula pakhomo, chidachotsedwa m'masukulu ndi pa wailesi mu 1968 ndipo chidabwereranso pa wailesi mu 1994, koma mabuku a nthano za achinyamata m'chilankhulochi ndi osowa. M'Chichewa namo zambiri zomwe achinyamata akuwerenga ndi nkhani zazigawozigawo za pa Facebook. Chotsatira chake n'choti kholo lomwe silidziwa Chingerezi limangoona mwana akulira kapena kuseka pa foni, osadziwa chomwe chalowa m'mutu mwake. Mantha ambiri akuchokera pamenepo.

Kholo litani tsono?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kholo lisanalande foni, lifunse kaye mutu wa bukulo ndi dzina la wolemba. Mabuku a dystopia a ku America omwe atchulidwa m'nkhani ino adalembedwera achinyamata, ndipo zachikondi zake nthawi zambiri sizipitirira kupsompsonana. Nkhanza ndizo zochuluka, makamaka m'mafilimu, choncho mwana wa ku pulayimale sayenera kuonera yekha. Nthano yopanda dzina la wolemba, yongotumizirana m'magulu, ndiyo yofunika kuikayikira kwambiri.

Chachiwiri, mwana afotokoze yekha nkhaniyo m'chilankhulo cha pakhomo. Wowerenga zolaula amachita chibwibwi, pomwe wowerenga nthano yeniyeni sasiya kulankhula. Kholo limufunse kuti wolakwa ndani m'nkhaniyo, akadakhala iye akadatani, ndipo mnyamata yemwe akumutamayo ali ndi khalidwe lanji. Mayankho ake amaulula zambiri za mwana kuposa kufufuza mauthenga a mu foni mwake.

Chachitatu, nthawi ikhale ndi malire. Buku labwino lowerengedwa 2 koloko usiku limagonetsa mwana m'kalasi chimodzimodzi loipa.

Mlandu wa kwa achimwene anga tidauweruza motero. Ndidapempha mtsikanayo kuti afotokozere mayi ake nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Adayamba monyinyirika, maso ali pansi. Adafika pomwe bambo a Katniss adafera mu mgodi, mayi ake n'kungokhala duu osalankhula kwa miyezi, ndipo mwana wa zaka 11 n'kuyamba kusaka chakudya cha banja lonse. Apa mlamu wanga adasiya kusankha nyemba. Agogo ake aamuna adapita kumigodi ya ku Joni iye asanabadwe ndipo sadabwerenso, ndipo mayi ake ndiwo adalera ang'ono awo.

Sadanene kuti bukulo ndi labwino. Adati ana kuphana n'zonyansa basi, ndipo pamenepo sasintha. Koma foni idabwezedwa pa mfundo ziwiri: ikakwana 9 koloko usiku izigona kuchipinda kwa mayi, ndipo chilichonse chomwe mtsikanayo wawerenga azichifotokoza madzulo pophika, m'Chitumbuka, ang'ono ake atapita kosewera.

Patatha milungu iwiri ndidaimba foni kuti ndimve ngati panganolo likusungidwa. Mlamu wanga adati likusungidwa, kungoti mwanayo akuchedwa kuwerenga chifukwa cha mayeso a pakati pa teremu. Kenako adatsitsa mawu.

"Alamu, inu mudaliwerenga lonse. Mnyamata wa buledi uja, kodi apulumuka?"

Ndidawauza kuti afunse mwana wawo.